Kandege ka Nsungwi pa Denga la a Nabanda

Ndikukumbukira chilimwe chimene ndinali mu Sitandade 7, tikukhala m'mudzi wa kwawo kwa malemu bambo anga, kuseri kwa Kabudula. Bambo anali atamwalira chaka cham'mbuyo. Amayi anakwatiwira kumeneko pachitengwa, ndiye maliro atatha, ena ankayembekezera kuti amanga katundu n'kubwerera kwawo ku Nsaru. Iwo sanatero. Ankati manda a mwamuna wawo ali pompo, njerwa za nyumba anaumba okha ndi bambo, ndipo kudambo kunali dimba limene linkatidyetsa. Munali tomato, mpiru, nzimbe, ndi chitsime chimene bambo anakumba, chosaphwa ngakhale mu Okutobala. Amene dimbalo linkawasowetsa tulo anali mng'ono wa bambo, a Lameki. Ankakonda kudutsa pakhomo chakumadzulo n'kufunsa moseka kuti, "Kodi alamu, ku Nsaru sakukusowani?" Amayi ankaseka nawo, koma akangochoka mbale zinkatsukidwa mwaphokoso.

Chaka chomwecho kunabwera atsibweni anga a Gasitoni, mchimwene wa amayi, amene ankagwira ntchito yosamala maluwa panyumba ina ku Joni. Amayi anawabweretsera bulangete, ine anandiponyera jumbo yolira ngati muli mafupa. Munali tindege tiwiri ta ana a bwana wawo, timene anatola pa zinyalala. Kalikonse kanali ndi mikono inayi, ndipo kumapeto kwa mkono uliwonse kunali kamota ndi phiko lozungulira. Anati kumeneko amatitcha droni. Kena kanali kophwanyika ngati kapondedwa ndi ng'ombe, kena kanali katagwera m'madzi ndipo mkati munali dzimbiri. Munalinso rimoti imodzi. "Iwe Filo, paja unaphwasula wailesi ya bambo ako," anatero atsibweni. "Phwasulanso izi, zilibe mwini woti akukwapule."

Sindinkafuna kungophwasula. Ndinkafuna kuti pa tiwiri takufato patuluke kamodzi kamoyo. Loweruka lina ndinanyamula jumbo ija ulendo wa pa Kabudula, kwa a Jailosi, amene ankakonza mafoni m'kanyumba ka malata pafupi ndi chigayo. Anayamba ndi kundiseka, kenako anakhuthulira zonse patebulo. Atalumikiza batire ku kabolodi kobiriwira ka kandege kophwanyika kaja, timagetsi tofiira tinayamba kuphethira. Anayesanso timota, kamodzikamodzi, ndipo tamoyo tinapezeka tokwanira mikono inayi. Anandisonyeza mowotcherera waya ndi mtovu, nandidulira kachidutswa ka mtovuwo kuti ndikapitirize ndekha.

Kwathu kunalibe magetsi, choncho chowotcherera changa chinali msomali waukulu umene ndinkauika pa mbaula mpaka ufiire, n'kuugwira ndi pulayala. Mtovu ukamasungunuka unkatulutsa kautsi kowawa m'maso, kafungo kake ngati utomoni wopserera. Timawayato tinali topyapyala ngati tsitsi, ndipo msomali unkazizira ndisanamalize. Zala zanga zinatupa matuza. Amayi ankati ndikuwathera makala, koma sanandilandepo mbaula.

Thupi la kandege ndi limene linandizunza. Loyamba ndinalipinda ndi waya, monga anyamata amapangira magalimoto awo. Linali lokongola, koma lolemera. Nditakankha kamtengo ka pa rimoti, kanangonjenjemera pansi n'kumazungulira ngati nkhuku ya chitopa. Lachiwiri ndinapanga ndi mapesi. Limeneli linapepuka ndithu, koma timota titangolira, mkono umodzi unathothoka n'kukamenya mbuzi imene inali phee pamthunzi. Mbuziyo sinandikhululukire mpaka tinaigulitsa. Kenako ndinasolola nsungwi pa nkhokwe yakale, ndinaipala ndi mpeni mpaka inatsala yopyapyala ngati ndodo ya tsache, n'kupingasa tizidutswa tiwiri. Pakati ndinamanga ndi ulusi n'kuthira guluu. Timota ndinatilowetsa m'timapaipi ta mabolopeni akutha, ndipo miyendo ndinadula ku silipasi yakale ya amayi.

Ngakhale pamenepo sikanauluke. Kankangodzuka mbali imodzi n'kugwa chagada, miyendo m'mwamba. Ndinalira, ndinakaponya pansi pa bedi, m'mawa ndinakatulutsanso. Sindinkadziwa kuti mapiko aja ndi osiyana, kuti awiri amazungulira chakumanja, awiri chakumanzere, ndipo lililonse lili ndi mota yakeyake. Chinandiphunzitsa ndi phulusa. Tsiku lina ndinakayesera pafupi ndi dzala, nditakagwira ndi dzanja, ndipo ndinaona kuti mapiko awiri akuuluza phulusa pansi pamene enawo sakulikhudza n'komwe. Ankakankhira mphepo kumwamba. Ndinawasinthanitsa.

Kanauluka m'mawa wina kuseri kwa chigafa cha fodya. Poyamba kanafika m'mawondo, kenako m'chiuno, kenako kanadutsa mutu wanga n'kuima m'malere, kakulira ngati njuchi zikusamuka. Nkhuku zonse zinathawira pansi pa nkhokwe poyesa kabawi. Amayi anali akupeta mtedza. Anaika lichero pansi, nagwira pakamwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire bambo ndinawamva akuseka kuchokera m'mimba. Batire silinkachedwa kutha, mwina nthawi yoti munthu asende chinangwa chimodzi, kenako linkakhala tsiku lonse pa kasola kathu kotchajira foni. Koma nthawi yochepayo inkandikwanira. Ana a m'mudzi ankakathamangira akukuwa, ndipo ndinkawabwereka rimoti mosinthanasinthana, ine nditaima pambali ngati mphunzitsi.

A Lameki nawonso anakaulutsa. Ichi ndikufuna chimveke bwino. Linali Lamulungu, titabwera ku Misa, iwo akadali m'jekete lawo la kutchalitchi. Anandipeza pabwalo nandichonderera ngati mwana kuti, "Tandipatsa nanenso ndiyeseko, Filo." Ndinawaonetsa kamtengo kokwezera ndi kokhotetsera. Anakankha mwamphamvu, kandege kanakwera n'kukakodwa m'mapapaya. Anaseka mpaka anakhala pansi m'fumbi, jekete ndi jekete. Anakatsitsa okha ndi mtengo wautali, nakatembenuzatembenuza m'manja, akuyang'ana nsungwi ija ndi miyendo ya silipasi. "Mutu uwu ndi wa achimwene ndithu," anatero akundisisita pamutu. Tsiku limenelo ndinagona ndikumwetulira.

Tsoka linabwera ndi mphepo ya mu Ogasiti. Dzuwa linali litapendeka, amayi ali kudimba kothirira, ndipo ine ndinkafuna kuona kuti kangakwere mpaka pati. Kanadutsa nsonga ya mango. Kumwambako mphepo inali ina, inakanyamula ngati tsamba louma. Ndinakhotetsa, ndinatsitsa, koma rimoti inali itasiya kumveka. Ndinathamanga ndikuyang'ana m'mwamba, kudumpha mizere ya mbatata, mpaka ndinakaona kakugwera pa denga la udzu la a Nabanda, mayi wachikulire wa kumapeto kwa mudzi. Kanakodwa pansonga penipeni, timagetsi tofiira tija tikuphethira.

M'nyumbamo munali mdzukulu wawo, Pilirani, kamnyamata kamene kanali kasanayambe sukulu, kakudwala thupi lotentha. A Nabanda anamva chinthu chikugwa padenga chikulira, ndipo nthawi yomweyo mwana anayamba kugwedezeka, maso atatembenuzika. Pamene ndinkafika n'kuti pakhomo padzaza anthu, ena akuloza kudenga, ena akumangirira mwanayo kumsana kwa bambo ake panjinga. Ndinakuwa kuti, "Ndi kanga! Ndi kandege kanga, ndiloleni ndikatsitse!" Mayi wina anandikankha pachifuwa mpaka ndinagwa. Palibe amene analola kuti munthu akwere. Kanakhala pamenepo kakuphethira mpaka batire linafa.

Pilirani anamwalira kuchipatala patapita masiku ochepa. Anamwino anauza bambo ake kuti anali malungo, ndipo anali atakwera kumutu. Koma pamene maliro ankafika m'mudzi n'kuti nkhani ina itakhwima kale, yakuti pa denga la a Nabanda panatera ndege ya ufiti.

M'mawa wotsatira tsiku loika maliro, anatiitana pansi pa mango a pakhomo pa a Nabanda. Amayi anakhala pamphasa, ine pambali pawo. Amuna anali pamipando, ndipo pakati pawo panali a Lameki, poti tsopano ndiwo anali mkulu wa banja la bambo. Anyamata anagwetsa kandege kuchokera padenga paja ndi nsungwi yaitali, wina n'kukanyamula pa khasu kuti asakakhudze ndi dzanja. Anakaika pakati pa bwalo. Kanali kamodzimodzi kamene ana awo ankalimbirana, koma m'mawa umenewo anthu ankakokera miyendo kumbuyo.

Bambo ake a Pilirani ndiwo anayamba kulankhula. Anati chinthucho chinachokera pakhomo pathu, ndipo akufuna amve kuti chinkafuna chiyani pa denga pamene panagona mwana wawo. Amayi anayankha mofatsa kuti ndi chidole, chinabwera ndi mchimwene wawo chili chakufa, mwana anachikonza. Wina kumbuyo anaseka mwachipongwe nati, "Mwana wamkazi wa pulayimale angaulutse nsungwi? Tisanamizane apa. Mwanayu angomutuma." Kenako mawu ena, a mayi amene ankatunga nafe madzi tsiku lililonse, anati, "Nanga mwamuna wawo anafa bwanji, eti? Si anangogwa m'dimba?"

Ndinaimirira osapempha chilolezo. Rimoti inali m'chitenje changa. Ndinati ndiwaonetsa onse kuti ndi batire chabe, kuti ndikakankha apa kamakwera, ndikasiya kamatsika. Ndinayatsa, ndinakankha. Kandege kanangoti zii. Ndinakankhanso mpaka chala chinawawa. Ndinali nditaiwala kuti batire linafera padenga paja. Ndinayesa kufotokoza kuti likufunika kutchaja, kuti andipatse tsiku limodzi lokha, koma mawu anga anamira m'phokoso. "Mwaona?" anatero mwamuna wina. "Pamaso pa anthu sichinyamuka."

Pamenepo ndinatembenukira kwa a Lameki. Sindinkaopa, poti ndinkadziwa kuti mawu awo amodzi athetsa zonse. Ndinati, "Bambo, auzeni. Inu munakaulutsa Lamulungu lija. Kanakodwa m'mapapaya, munakatsitsa nokha."

Anthu onse anawayang'ana. Iwo anachotsa chipewa, nachiyang'ana mkati ngati muli cholembedwa, n'kuchivalanso.

"Mwanawe, usandilowetse m'zinthu za pakhomo panu," anatero. "Ine chinthu ichi ndikuchiona lero."

Ndinayang'ana ana amene ndinkawabwereka rimoti. Kamtsikana kena kanatsegula pakamwa, amayi ake n'kukatsina pantchafu. Akatekisiti anayesa kunena kuti abale tifatse, tikafunse kaye kwa odziwa zamagetsi, koma analankhula motsitsa ngati akupepesa, ndipo palibe anawamvera.

Anaunjika mapesi, anathira palafini. Nsungwi inapsa msanga, silipasi ija inanunkha mphira. Kenako batire linatupa n'kuphulika, linalavula lawi loyera ndi utsi wokhuthala likuchita phokoso ngati njoka. Azimayi anakuwa n'kumwazikana, ena anagwetsa mipando. Kwa iwo mlandu unathera pamenepo. Ine ndinkadziwa kuti batire lililonse lotere likapsa limatero, a Jailosi anali atandichenjeza kale, koma ndikanauza ndani? Ndinayamba kulira mokuwa, osati ndi chisoni koma ndi ukali. Amayi anandigwira padzanja mwamphamvu nandinong'oneza kuti, "Pukuta. Usawapatse misozi yako."

Sanandimenye, sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa chikwapu. Masabata otsatira anali ozizira ngakhale kunja kunkatentha. Amayi akafika pamjigo, azimayi ankasunthira zidebe zawo kutali. Mpiru wathu unkabwerera kumsika utafota. M'tchalitchi benchi lathu linkakhala ndi mpata mbali zonse. Kusukulu anzanga ankandithawa, ena akutambasula manja ngati mapiko ndikamadutsa. A Jailosi atamva anapalasa njinga kudzafotokoza kuti anayesa okha timota tija patebulo pawo, koma anawauza kuti munthu wa patauni sangamvetse za kumudzi.

Kenako a Lameki anabwera pakhomo, nkhope yodzaza chifundo. Anakhala pampando wa bambo. Anati mitima ya anthu yatentha, iwo sangathe kutiteteza usana ndi usiku, ndiye n'kwabwino alamu apite kaye kwawo mpaka zinthu zizizire. "Dimba ndi nyumba musadandaule nazo," anatero. "Ndikusungirani." Ine ndinali pakhomo la khitchini, mpeni wosendera mbatata uli m'manja, ndipo ndinauika pansi chifukwa ndinachita mantha ndi zimene dzanja langa linkafuna. Tinasamuka pa ngolo ya ng'ombe. Msewu unadutsa m'mbali mwa dambo, ndipo ndinaona tomato wathu atayamba kufiira. Amayi anayang'ana kutsogolo ulendo wonse.

Sitinabwererenso kukakhala kumeneko. Ndinamalizira sukulu ku Nsaru, ndipo lero ndili ndi kashopu kanga pamsika, ndimakonza mafoni ndi masola. Droni ndinapanganso ndili wamkulu, yoposa ija, ndipo ndikamaiulutsa pabwalo la mpira ngakhale agogo odutsa ndi nkhuni amaitchula dzina lake bwinobwino. Zinthu zasintha mwachangu chodabwitsa. Ana a masiku ano amaziona pa foni asanadziwe kuwerenga. Palibe amene amathawa.

Chaka chatha mwana wamkazi wa a Lameki ankakwatiwa. Iye analibe chifukwa, anali wakhanda pamene zija zinkachitika, ndipo anabwera yekha kudzatiitana, choncho ine ndi amayi tinapita. Akwati atatuluka m'tchalitchi, mnyamata wojambula anaulutsa droni yoyera pamwamba pa gulu. Azimayi a m'mudzi uja, ena a iwo omwe aja a pamjigo, ankailulutira n'kumaikupizira zitenje kuti iwajambule. A Lameki, atavala suti, anandigwira mkono n'kundikokera kwa asewere awo. "Uyu ndi mwana wa achimwene," anatero monyadira, akuloza kumwamba. "Zinthu izi anaziyamba kalekale, kwathu konkuno, ali kamtsikana."

Amayi anali kumbuyo kwanga. Sanakweze mawu. Anati, "Alamu, musiyeni mkono mwanayo. Amene anayamba zimenezi kwanu kuno munamutcha mfiti, pamodzi ndi ine."

Asewere anayang'ana pansi. A Lameki anaseka kuseka kouma nati, "Aa, alamu, zakale izo. Nthawi imeneyo tonse tinali mu umbuli."

Mawu akuti tonse amenewo ndi amene akundikanika kumeza mpaka lero. A Nabanda, Mulungu awalandire, anali atataya mdzukulu ndipo ankafuna kudziwa chifukwa chake. Bambo ake a Pilirani anali ndi manda atsopano mumtima. Iwowo ndinawakhululukira kalekale, ngakhale sanapemphe. Koma a Lameki sanali mu umbuli. Ankadziwa kuti ndi chidole, ankadziwa kuti amayi sanaphe munthu, ndipo anasankha kukana pamaso pa mudzi wonse mwana wa mchimwene wawo ali chiimire akuwachonderera. Tsopano akufuna kubisala m'gulu la anthu amene sankadziwadi, kuti tonse tiseke limodzi mmene dziko lasinthira.

Dziko lasintha, inde. Mudzi umene unawotcha kandege kanga lero umavina pansi pa droni. Koma sindinamvepo munthu mmodzi wa kumeneko akunena kuti pepani kwa amayi anga, amene anakalamba pa malo obwereka kwa abale awo pamene nyumba yawo a Lameki amasungiramo fodya. Tsiku la ukwatilo sitinadikire chakudya. Amayi anapita kukapsompsona mkwatibwi pamphumi, anamanga chitenje chawo bwinobwino, ndipo tinayenda wapansi mpaka kumsewu, nyimbo zikulira kumbuyo kwathu.